Mafunso ndi mayankho okhudza maulendo a pa boti okaona akatumbu a m'nyanja ndi mbalame ku Blakeney Point

Blakeney Point ndi malo otetezedwa a zachilengedwe omwe ali m'mphepete mwa nyanja ya North Sea, kumpoto kwa chigawo cha Norfolk ku England. Anthu ambiri amene amapitako amakwera maboti ang'onoang'ono kuti akaone akatumbu a m'nyanja, omwe pa zikwangwani za kumeneko amalembedwa kuti seal, pamodzi ndi mbalame zomwe zimaswana pamenepo. Mayankho ali m'munsiwa akonzedwa kuti athandize munthu amene akulingalira zopitako kudziwa zimene akapeze, nthawi yoyenera kupita, ndi chifukwa chake malamulo a kumeneko ali momwe alilimo.

Kodi Blakeney Point ndi malo otani?

Ndi mtunda wautali koma wopapatiza, wa timiyala ndi mchenga, womwe unalumikizana ndi dziko pafupi ndi mudzi wa Cley n'kutambalala cha kumadzulo mtunda wopitirira pang'ono makilomita 6. Mafunde ndi amene anauumba, chifukwa kwa zaka mazana ambiri akhala akukokolola timiyala m'mbali mwa gombe n'kumatiunjika kunsonga kwake. Kuseri kwa mtundawu kuli madzi odekha a doko la Blakeney, matope, ndi madambo a madzi amchere momwe mtsinje wa Glaven umadutsa polowera m'nyanja. Kalekale midzi ya Blakeney, Cley ndi Wiveton inali madoko a malonda komwe zombo zinkafika, koma matope ndi mchenga zitadzaza m'njira za madzi, malonda aja anatha ndipo derali linatsala la asodzi, maboti ang'onoang'ono ndi mbalame.

Ndani amayang'anira malowa?

Bungwe la National Trust ndi limene lakhala likusamalira malowa kuyambira mu 1912. Pulofesa Francis Oliver, katswiri wa zomera wa ku University College London, ankabwera kuno ndi ophunzira ake kudzafufuza zomera za m'mphepete mwa nyanja, ndipo ndi amene analimbikitsa kuti malowa atetezedwe. Charles Rothschild, mkulu wa zamabanki wokonda zachilengedwe, anathandiza kuti agulidwe n'kuperekedwa ku bungweli, ndipo Blakeney Point inakhala malo oyamba otetezera zachilengedwe m'chigawo cha Norfolk. Maboti okaona nyama si a bungweli ayi. Ndi a mabanja a m'midzi yomweyo, ena mwa iwo akhala pa ntchitoyi kwa mibadwo ingapo, ndipo amadziwa njira za madzi ndi milu ya mchenga yomwe imasintha malo chaka ndi chaka.

Maboti amanyamukira kuti, ndipo munthu angafikeko bwanji?

Ambiri amanyamukira pa doko laling'ono la Morston, lomwe lili kumadzulo kwa mudzi wa Blakeney m'mbali mwa msewu wa A149. Pamenepo pali malo oimika galimoto olipira. Amene alibe galimoto angakwere sitima kuchokera ku London Liverpool Street kupita ku Norwich, ulendo wa pafupifupi maola awiri, kenako sitima ina yopita ku Sheringham, n'kumalizira ndi basi ya Coasthopper yomwe imayenda m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja. Mabasiwa amachepa m'nyengo yozizira, choncho ndi bwino kuonetsetsa nthawi ya basi yobwerera musanagule tikiti ya boti.

N'chifukwa chiyani nthawi yonyamukira imasintha tsiku ndi tsiku?

Funso ili ndi limene limasokoneza alendo ambiri, makamaka amene anazolowera nyanja ya Malawi, komwe bwato lingathe kukankhidwira m'madzi ola lililonse chifukwa madzi sachoka pagombe m'mawa n'kubwerera madzulo. Pa nyanja zamchere sizili choncho. Mphamvu yokoka ya mwezi, pamodzi ndi ya dzuwa, imachititsa kuti madzi adzaze ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo pakati pa kudzaza kwina ndi kunzake pamadutsa pafupifupi maola 12 ndi mphindi 25. Zotsatira zake n'zakuti nthawi imene madzi amafika pachimake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse.

Khwawa la Morston, lomwe maboti amadutsamo potuluka, limatsala matope okhaokha madzi akaphwa, moti maboti amangokhala pansi atapendekeka. Amatha kuyenda kwa maola ochepa okha, madzi akatsala pang'ono kudzaza ndi atangoyamba kubwerera. N'chifukwa chake lero boti linganyamuke m'mawa, koma patapita masiku ochepa n'kumanyamuka masana. Kuwonjezera apo, madzi sadzaza mofanana masiku onse: mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu amadzaza kwambiri, ndipo pa gombe la kumpoto kwa Norfolk kudzaza kwakukulu kotereku kumagwa m'mamawa ndi madzulo. Eni maboti amasindikiza ndandanda ya nthawi zonyamukira pasadakhale potengera kayendedwe ka madziwa. Munthu wochedwa samudikira, ndipo si nkhanza, chifukwa woyendetsa akazengereza akhoza kulephera kubweretsa anthu ake padoko madzi asanathe.

Ulendo umatenga nthawi yaitali bwanji?

Nthawi zambiri umatenga pafupifupi ola limodzi. Boti limatuluka m'khwawa, limadutsa m'doko pakati pa maboti ena omangidwa, n'kukafika kunsonga kwa mtundawo komwe akatumbu amagona. Kumeneko woyendetsa amachepetsa liwiro ndipo amatembenuza boti kangapo kuti anthu a mbali zonse ziwiri aone bwino, kotero palibe chifukwa cholimbirana malo okhala. Masiku ena, madzi akalola, boti limatsitsa anthu pamtunda kwa kanthawi, ndipo ulendo wotero umatalikirapo.

Ndi mitundu iti ya akatumbu imene imapezeka kumeneko?

Ilipo mitundu iwiri, ndipo yonse ndi yosiyana kotheratu ndi katumbu wa m'mitsinje yathu, chifukwa awa ndi zinyama zazikulu zokhala ndi zipsepse m'malo mwa miyendo. Mtundu woyamba ndi wa grey seal, womwe ndi waukulu: wamwamuna amatha kupitirira mamita awiri m'litali ndi kulemera mpaka makilogalamu 300, pomwe wamkazi amakhala wocheperapo ndithu. Mphuno yake ndi yaitali ndipo mabowo a mphunowo amakhala ngati mizere iwiri yoyandikana. Mtundu wachiwiri ndi wa common seal, womwe ena amautcha harbour seal. Uwu ndi wocheperako, mutu wake ndi wozungulira, nkhope yaifupi, ndipo mabowo a mphuno amakumana pansi ngati chilembo cha V. Oyendetsa maboti amakonda kufotokoza kusiyanaku, ndipo munthu akangosonyezedwa kawiri kapena katatu amayamba kuwazindikira yekha.

Amene anaonapo akatumbu a ku Hout Bay pafupi ndi Cape Town adzaona kuti a ku Blakeney amayenda mosiyana. Aja a ku South Africa ali ndi timakutu toonekera ndipo amatha kudzutsa thupi n'kuyenda ndi zipsepse zawo, pamene a kuno alibe makutu oonekera kunja ndipo pamtunda amadzikoka ndi mimba movutikira. Kuvutikira kumeneku n'kumene kumachititsa kuti kuwadzidzimutsa pamtunda kukhale koopsa kwa iwo.

Kodi ndi nthawi iti yabwino kwambiri yopitako?

Zimatengera chimene mukufuna kuona, chifukwa malowa ali ndi nyengo ziwiri zikuluzikulu zomwe sizigwera pamodzi. Ana a grey seal amabadwa kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka pakati pa Januwale, ndipo chiwerengero chimakwera kwambiri mu Novembala ndi Disembala. Pa nthawiyi gombe limadzaza ndi ana a ubweya woyera, amayi awo, ndi amuna akuluakulu omwe amamenyanirana malo. Kumazizira kwambiri, masana amafupika, ndipo maulendo ena amalephereka chifukwa cha mphepo, komabe amene angapirire kuzizirako amaona zinthu zomwe sizipezeka pamalo ena ambiri ku England. Ana a common seal amabadwa m'chilimwe cha kumeneko, kuyambira mu Juni mpaka Ogasiti, nthawi yomwenso mbalame zotchedwa tern zimakhala zikudyetsa anapiye awo. Kwa munthu amene ali ndi ana aang'ono kapena achikulire, Juni ndi Julayi ndiyo miyezi yoyenera, chifukwa amaona nyama ndi mbalame pa ulendo umodzi popanda kuzunzika ndi chisanu. Akatumbu akuluakulu amapezeka chaka chonse, ngakhale kuti kuchuluka kwawo pagombe kumasintha.

Kodi akatumbu akhala ochuluka chonchi kuyambira kale?

Ayi, ndipo nkhani ya kuchulukana kwawo ndi yodabwitsa. Mwana woyamba wa grey seal amene analembedwa kuti wabadwira ku Blakeney Point anabadwa mu 1988. Mu 2001 anabadwa 25 okha. Kuchokera pamenepo chiwerengero chinakwera chaka ndi chaka, mpaka malowa anaposa zilumba za Farne ku Northumberland n'kukhala malo aakulu koposa oberekerako mtunduwu ku England, ndipo cha m'ma 2020 pankabadwa ana pafupifupi 4,000 pa nyengo imodzi. Gombe lake ndi lathyathyathya, lili ndi milu ya mchenga momwe ana amabisala mphepo ikalimba, palibe zilombo zikuluzikulu zowagwira, komanso anthu safikako kawirikawiri chifukwa n'kutali ndi msewu. Poyamba oyang'anira malowa ankawerenga ana mmodzimmodzi akuyenda pansi, koma atachuluka kwambiri njirayi inakhala yoopsa kwa anthu ndi kwa nyama zomwe, choncho tsopano amadalira kwambiri zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mwamba.

Mtundu wa common seal sunachite mwayi womwewo. Mu 1988 ndi mu 2002 matenda a phocine distemper anapha akatumbu ambiri a mtunduwu m'nyanja ya North Sea, kuphatikizapo a ku The Wash, dera la madzi osaya lomwe lili kumadzulo kwa Blakeney.

N'chifukwa chiyani malamulo amakhwima kwambiri pa nthawi yobereka?

Yankho lili m'moyo wa mwana wa grey seal m'masabata ake oyamba. Amabadwa akulemera pafupifupi makilogalamu 14, ali ndi ubweya woyera wofewa umene sumuteteza bwino m'madzi ozizira, choncho ayenera kukhala pamtunda. Mayi amamuyamwitsa kwa masabata osakwana atatu okha. Mkaka wake uli ndi mafuta ochuluka, pafupifupi theka la mkakawo kapena kuposerapo, moti mwana amanenepa ndi makilogalamu pafupifupi awiri tsiku lililonse ndipo pofika poleka kuyamwa amakhala atalemera katatu kuyerekeza ndi tsiku lobadwa. Nthawi yonseyi mayi sadya kwenikweni, amangogwiritsa ntchito mafuta a m'thupi mwake, ndipo amaonda kwambiri. Akamaliza amamusiya mwanayo n'kubwerera m'nyanja. Mwana amatsala yekha pagombe kwa masabata ena angapo, ubweya woyera uja ukuthothoka, mpaka njala itamukankhira m'madzi kuti akaphunzire yekha kugwira nsomba.

Zikatere n'zoonekeratu kuti tsiku lililonse loyamwa ndi lofunika. Munthu kapena galu akadzidzimutsa mayi n'kuthawira m'madzi, mwana amataya chakudya chimene sangachipezenso, ndipo mayi wina sabwereranso n'komwe. Gulu likathawa mwachipwirikiti, ana ena amapsinjidwa ndi akuluakulu. Ana a common seal ali ndi mwayi pang'ono, chifukwa amatha kusambira patangopita maola ochepa atabadwa, komabe nawonso amasochera akalekanitsidwa ndi amayi awo.

Kodi boti silisokoneza nyamazi?

Funsoli ndi loyenera kulifunsa. Zimene zimaoneka n'zakuti akatumbu a kuno anazolowera maboti omwe amabwera pang'onopang'ono, pa njira yomweyo, n'kukhala kanthawi kochepa, ndipo ambiri sadzutsa n'komwe mutu boti likamadutsa. Ena achidwi amasambira n'kudzasuzumira pafupi. Chimene amachiopa kwambiri ndi munthu woimirira pamtunda amene akuwayandikira. Pa chifukwa chimenechi, kuona nyamazi muli m'boti n'kwabwino kwa izo kusiyana ndi kuzilondola wapansi, ndipo kwa mlendo kumapindulitsanso chifukwa amaziona pafupi kuposa momwe akanazionera ali kuseri kwa chingwe. Komabe ulemu wa okwera umafunika: kukuwa, kuimba mluzu kuti nyama itembenuke, kuponya chakudya m'madzi kapena kutambasula dzanja kuti muikhudze ndi zinthu zosayenera. Katumbu amaluma, ndipo bala lake limatha kuyambitsa matenda ovuta kuchiza.

Ndi mbalame ziti zimene munthu angayembekezere kuona?

M'chilimwe mbalame zotchuka kwambiri ndi za mtundu wa tern, zoyera, za mapiko osongoka, zomwe zimauluka pamwamba pa madzi n'kudziponya chamutu kuti zigwire tinsomba. Ku Blakeney kumaswana mitundu inayi: Sandwich tern, common tern, little tern, ndi Arctic tern yomwe imapezeka yochepa. Sandwich tern ndiyo yaikulu mwa izi, ili ndi mlomo wakuda wa nsonga yachikasu, ndipo imafika chakumapeto kwa Malichi ndi mu Epulo kuchokera ku magombe a kumadzulo kwa Africa, monga ku Senegal ndi Ghana, pomwe zina zimatsika mpaka ku Namibia ndi South Africa. Imakonda kuikira mazira pakati pa mbalame zaphokoso zotchedwa black-headed gull, zomwe zimathamangitsa adani. Zaka zina gulu lalikulu limasankha Blakeney, zaka zina limasamukira ku chilumba cha Scolt Head chomwe chili cha kumadzulo, kotero kuchuluka kwake sikufanana chaka ndi chaka.

Little tern ndiyo imadetsa nkhawa kwambiri osamalira zachilengedwe. Simanga chisa chenicheni, imangopalasa kadzenje pa timiyala pafupi ndi madzi, ndipo mazira ake amafanana ndi timiyalato moti munthu angawaponde osadziwa. Madzi akadzaza mopitirira muyeso amakokolola mazirawo, ndipo nkhandwe, makoswe ndi mbalame zina zimadya mazira ndi anapiye. Lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 limaiteteza mwapadera, moti kuisokoneza dala ili pachisa ndi mlandu. Palinso mbalame zoyenda m'matope monga oystercatcher, ya mlomo wautali wofiirira, ndi ringed plover.

M'nyengo yozizira ma tern amakhala atapita, koma kumabwera atsekwe ambirimbiri: a mtundu wa brent ochokera ku Siberia, omwe amadya m'madambo amchere, ndi a mapazi ofiirira ochokera ku Iceland ndi Greenland, omwe amadutsa m'mwamba m'magulu aakulu m'mawa ndi madzulo. Wokonda mbalame angachite bwino kuphatikiza ulendowu ndi kukaona madambo a Cley Marshes, omwe akhala otetezedwa kuyambira mu 1926 ndipo ali m'manja mwa bungwe la Norfolk Wildlife Trust.

Kodi tingatsike pamtunda?

Pa maulendo ena n'zotheka, makamaka m'miyezi yotentha komanso madzi akakhala okwanira, ndipo muyenera kufunsa pogula tikiti. Amene atsika amatha kuyenda m'tinjira tololedwa n'kukafika pa nyumba yobiriwira ngati thambo yotchedwa Lifeboat House, yomwe inamangidwa mu 1898 kuti izisungira boti lopulumutsira anthu. Timiyala titaunjikana kutsogolo kwake, inasiya kugwira ntchito imeneyo, ndipo masiku ano muli zofotokozera alendo za malowa komanso mumagona oyang'anira mbalame m'nyengo yoswana. Malo amene atchingidwa ndi zingwe salowedwa ngakhale akuoneka opanda kanthu.

Nanga kuyenda wapansi m'malo mokwera boti?

N'zotheka kuyambira pa gombe la Cley, koma ndi ulendo wotopetsa kuposa momwe mapu amasonyezera, chifukwa phazi limatitimira m'timiyala pa sitepe iliyonse, palibe mthunzi kapena pobisalira mphepo, ndipo muyenera kubwereranso mtunda womwewo. Ngakhale mutafika, nsonga yomwe akatumbu ndi ma tern amakhala nthawi zambiri imakhala yotsekedwa. Musayesere kudutsa m'matope kuchokera ku Morston kapena ku Blakeney madzi ataphwa, chifukwa akamabwerera amadzaza makwawa a kumbuyo kwanu musanazindikire.

Kodi agalu amaloledwa?

Eni maboti ambiri amalola galu womangidwa chingwe kukwera, koma funsani kaye. Pamtunda agalu saloledwa m'mbali yaikulu ya malowa kuyambira mu Epulo mpaka pakati pa Ogasiti chifukwa cha mbalame zoikira pansi, ndiponso saloledwa kufupi ndi akatumbu m'nyengo yobereka.

Tivale chiyani ndipo titenge chiyani?

Maboti ambiri ndi opanda denga, ndipo pamadzi pamazizira kuposa padoko ngakhale dzuwa likuwala. Tengani jekete yotchinga mphepo ndi mvula, nsapato zosaterereka chifukwa matabwa a padoko amakhala ndi matope, ndipo m'nyengo yozizira onjezerani chipewa ndi magolovesi. Zoonera patali zimathandiza kwambiri pa mbalame. Chimbudzi chili pa doko la Morston osati m'boti.

Kodi ulendowu ndi woyenera ana, achikulire ndi amene amachita nseru pamadzi?

Mbali yaikulu ya ulendo imachitika m'madzi otchingidwa ndi mtunda wa Blakeney Point, choncho mafunde amakhala aang'ono ndipo anthu ochepa okha ndi amene amamva nseru. Ana amasangalala nawo bola akhale pansi pafupi ndi wamkulu. Chovuta kwa achikulire ndi kwa oyenda pa njinga ya olumala ndi kukwera ndi kutsika, chifukwa kutalika kwa boti poyerekeza ndi doko kumasintha malinga ndi madzi, kotero ndi bwino kuwafotokozera eni boti pasadakhale kuti akuuzeni tsiku ndi nthawi yoyenera. Mphepo ikalimba woyendetsa ali ndi mphamvu yolepheretsa ulendo, ndipo amene akuchokera kutali ayenera kuimba foni m'mawa wa tsikulo asananyamuke.

Tichite chiyani tikapeza mwana wa katumbu ali yekha pagombe lina la m'derali?

Nthawi zambiri mwana wotero sakhala pa vuto. Mwina mayi ake ali m'madzi pafupi, kapena analeka kale kuyamwa ndipo akudikira kuti ubweya wake usinthe. Musamugwire, musamuthire madzi, ndipo musamukankhire m'nyanja, chifukwa mwana wa ubweya woyera angafe ndi kuzizira. Ngati ali ndi bala, waonda kwambiri moti mafupa akuonekera, kapena wakoledwa ndi ukonde, dziwitsani oyang'anira malowo, bungwe la RSPCA, lomwe lili ndi malo osamalira nyama zakutchire ku East Winch pafupi ndi King's Lynn, kapena la British Divers Marine Life Rescue. Vuto lina lomwe lakula m'gombe la Norfolk ndi zidole zapulasitiki zozungulira zokhala ndi bowo pakati, zomwe anthu amaponyerana pagombe. Katumbu wamng'ono akalowetsamo mutu, pulasitikiyo imamucheka khosi pamene akukula, choncho ndi bwino kusabweretsa zidole zotere kunyanja.

Kodi malowa ali pachiopsezo cha kusefukira kwa nyanja?

Blakeney Point si malo okhazikika. Mafunde akupitiriza kuutalikitsa cha kumadzulo, ndipo mphepo zamkuntho zimakankhira timiyala kumtunda pafupifupi mita imodzi pa chaka. Usiku wa pa 5 Disembala 2013 nyanja inasefukira m'gombe lonse la kum'mawa kwa England moposa nthawi ina iliyonse kuchokera pa chigumula cha mu 1953, ndipo zinachitika nyengo yobereka ili pachimake. Nyumba ya Lifeboat House inaonongeka, koma oyang'anira atafika anapeza kuti ana ambiri a akatumbu apulumuka chifukwa anakwera m'milu ya mchenga pamodzi ndi amayi awo. Mbalame zoikira pa timiyala zilibe pothawira potero, ndipo madzi akadzaza kwambiri kamodzi kokha mu Juni akhoza kuononga mazira ambiri a little tern a chaka chimenecho. N'chifukwa chake oyang'anira amasuntha zingwe ndi zikwangwani chaka chilichonse kutsatira kumene mbalame zasankha kuikira, ndipo njira imene mlendo anadutsa chaka chatha ikhoza kupezeka yotsekedwa chaka chino.